Mawu odulidwa salipidwa

Pansi pa sikirini ya kompyuta yanga, chakumanzere, pali kanambala kamene kamasintha ndikamalemba. Kamawerenga mawu. Ndimakayang'ana kawirikawiri kuposa wotchi, kuposa foni, kuposa nkhope ya munthu aliyense m'nyumba muno. Sabata yatha mkonzi wina anandipempha nkhani ya mawu 1,200. Lolemba madzulo kanambalako kanali pa 3,140. Lachinayi m'mawa kanali pa 1,196, ndipo ndinatumiza. Masiku awiri apakatiwo sindinalembe chatsopano choti munthu n'kuloza ndi chala, ndinkangofufuta. Koma ndi masiku awiri amenewo omwe ndinagona mutu ukuwawa, ndi masiku amenewo omwe ndinagwira ntchito yomwe ineyo ndimaitcha kulemba. Malipiro akadzabwera adzakhala a mawu 1,196. Enawo, pafupifupi 2,000, ndinawabala ndekha n'kuwakwirira ndekha, popanda ondithandiza kulira.

Ndakhala ndikudyera cholembera kwa zaka 11 tsopano. Ndikatero musaganize za mabuku okhaokha. Mabuku ndalemba awiri, ndipo onse pamodzi sanandilipirire lendi ya chaka chimodzi. Zimene zimandisunga ndi zina: nkhani za m'magazini, malipoti a mabungwe amene amawerengedwa ndi anthu atatu, mawu a pa timapepala totsatsa malonda, zokamba za akuluakulu zimene amakawerenga pamsonkhano ngati zatuluka mumtima mwawo, anthu n'kuwaombera m'manja. Ndinalembapo malangizo a kagwiritsidwe ntchito ka pampu ya madzi. Ndinalembapo mbiri ya moyo wa munthu amene sindinamukonde, m'mawu ake, dzina lake pachikuto. Pa zonsezi muyeso ndi umodzi, mawu angati kapena masamba angati. Ntchito yathu amaigula ngati nsalu, pa mita, chonsecho imapangidwa ngati chosema. Wogula amanyamula chotsalacho, thukuta limatsalira m'zibenthu zomwe zagwa pansi.

Mu Disembala 1656, Blaise Pascal, katswiri wa masamu wa ku France uja, anamaliza kalata ina yaitali ndi chipepeso. Anati yatalika choncho chifukwa analibe nthawi yoifupikitsa. Olemba ambiri amawadziwa mawu amenewa ndipo amakumbutsana akakumana. Amene sawadziwa ndi ogula ntchito yathu. Palibe chiganizo chimene chimandiumitsa thupi ngati ichi: "Ndi kandime kamodzi kokha, sikakutengerani nthawi." Lipoti la masamba 20 lili ndi malo obisalamo. Ukasowa chonena pa tsamba 7, umaika tebulo la manambala, ukadutsa. Koma kampani ikafuna mawu 40 ofotokoza chomwe imachita, liwu lililonse limakhala pambalambanda, ndipo anthu asanu ndi mmodzi ayenera kulivomereza. Woyamba akuti mwaiwala kutchula kuti timasamala za makasitomala. Wachiwiri akuti liwu loti "timathandiza" likumveka lofooka. Bwana wamkulu, amene sanaonepo chilichonse mpaka tsiku lomaliza, akubweza zonse n'kunena kuti iye amafuna chinachake "chamoyo". Kandime kamodzi kaja kadya masiku anayi, ndipo pa invoyisi ukulemba mawu 40.

Invoyisi ija ndi nkhani inanso. Papepala pamalembedwa kuti ilipidwe pasanathe masiku 30. Ndikaona nambala imeneyi masiku ano ndimangomwetulira, monga umachitira mwana akakulonjeza kuti akadzakula adzakugulira ndege. Tsiku la 31 palibe kanthu. Ukafunsa, akuti tikuiyang'ana. Sabata yotsatira akuti wosaina sali mu ofesi. Kenako akuti dongosolo lathu la zachuma lasintha, tumizaninso pa fomu yatsopano, ndipo masiku 30 aja ayambiranso pa 1. Magazini ena salipira nkhani ikalandiridwa koma ikasindikizidwa, ndiye ngati mkonzi waisunga m'kabati kudikira mwezi woyenera, iwenso udikire mwezi woyenerawo pamodzi ndi mwini nyumba yako. Nkhani imene anakutuma okha akaisiya osaisindikiza, osamala amakupatsako gawo, mwina kotala kapena theka la zimene munapangana. Ena amangokhala chete, ndipo umadziwa poona magazini yatuluka yopanda dzina lako. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Ineyo ndimakhala ndi fodya wambiri pachala.

Kalata yokumbutsa ngongole ndi luso palokha, ndipo ndikukhulupirira kuti zina mwa ziganizo zosalala kwambiri zimene ndalembapo zili m'makalata amenewa. Iyenera kukhala yaulemu chifukwa mawa udzapemphanso ntchito kwa anthu omwewo. Iyenera kukhala yolimba kuti asaiponye pansi pa mulu. Yoyamba imayamba ndi kufunsa moyo, n'kumaliza ndi kupepesa kuti mwina ndi ine amene sindinaone bwino ku banki. Yachiwiri sipepesa. Yachitatu ndimailemba yaitali, yodzaza ndi mkwiyo wa milungu isanu ndi iwiri, kenako ndimaidula mpaka patsale ziganizo ziwiri ndi nambala ya invoyisi. Apanso ntchito ndi kudula, ndipo apanso palibe amene amalipira. Onjezani kuti wodzilemba yekha ntchito alibe tchuthi chodwala, alibe penshoni yomwe wina akumusungira, ndipo msonkho amadziwerengera yekha. Mwezi wa ntchito zambiri sugona, mwezi wopanda ntchito sugonanso.

Pali ena amene safika n'komwe pa invoyisi. Amayamba ndi kukuyamikira, kuti amakonda kalembedwe kako, kuti akhala akukutsatira. Kenako akuti pakadali pano bajeti palibe, koma dzina lanu lidziwika. Ndinkavomera ndili wamng'ono pa ntchitoyi. Dzina linadziwikadi, makamaka kwa ena ofuna zolemba zaulere. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti munthu yemweyo sangauze wosindikiza kuti asindikize mwaulere dzina lake lidziwike, sangauze mwini holo yochitira mwambo choncho. Pepala ndi inki amaziona kuti ndi katundu. Mawu amaona ngati mpweya, poti aliyense ali nawo mkamwa.

Kunyumba nako sikuti amamvetsa msanga. Munthu wogwira ntchito pakhomo, m'maso mwa abale ndi anansi, ndi munthu amene alipo. "Poti muli pakhomo, mungandilandirireko katundu?" "Poti simukupita kulikonse, mungandiperekezeko?" Sindingawadzudzule kwenikweni. Akalowa amandipeza ndikuyang'ana pawindo, manja ali pachifuwa, ndipo n'kovuta kufotokozera munthu kuti kuyang'ana pawindoko ndiye pachimake pa ntchito, kuti ndikufunafuna mneni mmodzi amene ndakhala ndikumusaka kuyambira m'mawa, ndipo anali atangotsala pang'ono kutulukira pomwe chitseko chimagogodedwa. Mneni akathawa choncho sabwerera tsiku lomwelo. Funso loti "mumagwira ntchito yanji" ndinasiya kuliyankha ndi liwu limodzi, chifukwa ndikati ndimalemba, lotsatira limakhala lakuti, "Chabwino, koma ntchito yeniyeni?"

Ndikayamba kudzimvera chisoni ndimakumbukira Anthony Trollope, wolemba wa ku England wa m'zaka za m'ma 1800. Iyeyu ntchito yeniyeni anali nayo, anagwira ku positi ofesi zaka zoposa 30. Ankakhala patebulo 5:30 m'mawa, wotchi patsogolo pake. Theka la ola loyamba ankawerenga zomwe analemba dzulo lake, kenako ankadzilamula kulemba mawu 250 pa mphindi 15 zilizonse, mpaka maola atatu akwane, n'kunyamuka kupita kuntchito. Mwa njira imeneyi analemba mabuku a nkhani zopeka 47. Mbiri ya moyo wake inatuluka mu 1883, iye atamwalira kale, ndipo m'menemo anaulula zonsezi, n'kuikamo ndi mndandanda wa ndalama zimene buku lililonse linamubweretsera. Ena zinawaipira. Ankafuna kumva kuti wolemba amadikira mzimu umugwere, osati kuti amayang'ana wotchi ngati wogwira ntchito m'fakitale, n'kumawerenga phindu.

Ine mndandanda wa ndalama uja sundikhumudwitsa ngakhale pang'ono, ndimaona kuti ndi tsamba loona mtima kuposa ambiri amene olemba amasiya onena za iwo eni. Nsanje yanga ili pena. Kanambala ka Trollope kankangokwera. Zomwe walemba m'mawa zinali zomwezo zopita kwa osindikiza, kusintha kwake kochepa. Ndinayesapo njira yake kwa milungu itatu. Mawu 250 pa mphindi 15 ndimakwanitsa bwinobwino, aliyense angakwanitse. Vuto n'lakuti masana ndimakhala ndikufufuta 200 mwa iwo. Komabe ndinatolapo kanthu kamodzi komwe sindinakataye: kukhala pampando nthawi yake, kaya mumtima muli kanthu kaya mulibe. Kudikira kuti chilakolako cholemba chibwere ndi mwayi wa anthu amene lendi yawo imalipidwa ndi zina.

Za mabuku, poti ambiri amaganiza kuti chuma chili kumeneko, tiyeni tiwerengere limodzi. Pa mtengo umene wowerenga amalipira m'sitolo, wolemba kawirikawiri amalandira pafupifupi 10 peresenti, ndipo pa mabuku a chikuto chofewa nthawi zambiri imacheperapo. Sitolo imatenga gawo lalikulu, 40 peresenti kapena kupitirira. Zotsalazo zimapita kwa osindikiza, onyamula, osunga m'nyumba za katundu, okonza ndi ojambula chikuto. Ngati uli ndi wokuimira pokambirana ndi makampani, iye amatenga pafupifupi 15 peresenti ya gawo lako lija. Adivansi imene amakupatsa posaina si mphatso, ndi ndalama zako zam'tsogolo zomwe wadyeratu. Sulandiranso kanthu mpaka buku litagulidwa mokwanira kubweza adivansiyo, ndipo mabuku ambiri safikapo pamenepo. Kawiri pachaka kumabwera chikalata chosonyeza malonda. M'misika yambiri masitolo amaloledwa kubweza mabuku osagulidwa, choncho nambala yomwe unasangalala nayo chaka chatha ikhoza kutsika chaka chino. Ndinalandirapo chikalata chosonyeza kuti m'miyezi isanu ndi umodzi mabuku obwezedwa anaposa ogulidwa. Ndinakhala nacho m'manja nthawi yaitali, ndikudzifunsa ngati pali munthu wina pa dziko amene ntchito yake ingagulidwe mochepera ziro.

Malamulo otiteteza alipo, ndipo ndi akale. Mu 1710, mu ulamuliro wa Mfumukazi Anne, dziko la Britain linakhazikitsa lamulo lopatsa wolemba umwini wa buku lake kwa zaka 14, zoonjezereka ndi zina 14 ngati akadali moyo. Mu 1886 mayiko anasainirana pangano ku Berne loti azilemekeza umwini wa zolemba za nzika za anzawo. Lero pangano limeneli limati chitetezo chikhalepo moyo wonse wa wolemba ndi zaka zosachepera 50 atamwalira, ndipo mayiko ambiri anafikitsa pa 70. Ndiye kuti zidzukulu zanga n'zotetezedwa zaka 50 ine nditapita, pomwe ine mwiniwake ndikulephera kutetezedwa masiku 30. Komanso chitetezo chonsecho chimatha ndi siginecha imodzi. M'makontrakiti ambiri muli kachiganizo kakang'ono, nthawi zambiri chakumapeto pomwe maso atopa, koti wolemba akupereka ufulu wonse, m'njira zonse zofalitsira, kulikonse, mpaka kalekale. Munthu wa njala amasaina. Ndinasainapo, ndipo nkhani imene ndinalipidwa kamodzi ndinaiona ikutuluka katatu m'malo osiyanasiyana.

Fyodor Dostoevsky, wolemba wotchuka wa ku Russia, anasainanso kontrakiti yotere, yoipa kuposa zanga zonse. Ali m'ngongole, anagwirizana ndi wosindikiza wina dzina lake Stellovsky kuti apereka buku latsopano pofika pa 1 Novembala 1866, ndipo akalephera, wosindikizayo akhala ndi ufulu wotulutsa zolemba zake kwa zaka 9 osamulipira kanthu. Mwezi wa Okutobala unayamba bukulo kulibe, chifukwa nthawi yonseyo ankalemba lina la magazini. Analemba ganyu mtsikana wa zaka 20, Anna Snitkina, amene anaphunzira kulemba mothamanga ndi zizindikiro. Iye ankayankhula, Anna ankalemba, usiku n'kukakopera bwino. M'masiku 26 buku linatha. Tsiku lokapereka, wosindikiza uja sanapezeke, ndipo zolembazo anakazisiya kupolisi kuti apatsidwe chiphaso chosonyeza kuti zafika nthawi yake. Mu Febuluwale 1867 awiriwa anakwatirana. Anthu amakonda kuifotokoza nkhaniyi ngati ya chikondi. Ine mtima wanga umatsalira pa chiphaso chija, pa wolemba wamkulu chotero ataima kupolisi kudikira kapepala kotsimikizira kuti sanachedwe. Aliyense amene anasungapo imelo yosonyeza tsiku ndi ola lomwe anatumiza ntchito, poopa kudzauzidwa kuti sitinalandire, amamudziwa munthu ameneyu.

Ndiye n'chifukwa chiyani sindikusiya? Funsoli ndimadzifunsa ndekha mwezi uliwonse chakumapeto. Walira mvula walira matope, n'zoona, koma mwambi umenewu umangokuuza kuti usadandaule, sukuuza chifukwa chake unkalirira mvulayo. Yankho limene ndili nalo si lokongola monga ndikanafunira. Zinthu zomwe zandipatsa moyo pa ntchitoyi pafupifupi zonse ndinazipeza m'kati mwa ntchito zolipidwa zomwe ndinkazinyoza poyamba, osati m'mabuku anga awiri omwe ndinkati ndiwo mtima wanga.

Chaka china magazini ya amalonda inandituma mawu 800 onena za anthu okonza masikelo. Ndinavomera chifukwa cha lendi, basi. Ndinakapeza bambo wina wachikulire m'kachipinda kodzaza masikelo akufa, ena a sipuling'i, ena a miyala yoyezera, ena a magetsi omwe ankawayang'ana ndi diso lokayika. Anandionetsa momwe sipuling'i imafookera ikanyamula katundu zaka zambiri, momwe kampeni kachitsulo komwe mtanda wa sikelo umatsamirapo kamabunthira, momwe fumbi lochepa chabe limasinthira muyeso. Anali ndi miyala yake yoyesera m'bokosi la nsalu yofewa, ndipo sankalola munthu kuigwira ndi manja, ati thukuta la m'zala limaisintha kulemera pakapita nthawi. Ndinamufunsa funso limene ndinabwera nalo m'thumba, ngati masikelo ambiri amene amamubweretsera amakhala obera anthu. Anapukuta manja, n'kundiyang'ana nthawi ndithu. "Mwana wanga," anatero, "sikelo sinama. Imangotopa. Wonama ndi amene waiona kuti yatopa n'kukhala chete."

Ndinabwerera kunyumba mapazi osagunda pansi. Palibe tsiku limene ndikanakhala patebulo n'kupeka chiganizo chimenecho. Chinali cha munthu amene wagwira masikelo zaka 40, ndipo ntchito yanga inali kungochinyamula osachitaya panjira. Koma onani zimene ndinachita. Ndinalemba ndime zitatu zotsegulira, zonena za chilungamo, za muyeso m'mbiri ya anthu, za momwe dziko lonse limaimira pa kukhulupirirana. Ndinazikonda kwambiri ndime zimenezo, ndinaziwerenga mokweza kawiri. Bambo aja anatulukira pa ndime yachinayi. Mkonzi, mayi wina wosachulutsa mawu, anandibwezera nkhaniyo ndi mzere umodzi wokha: "Nkhani yanu ikuyambira pa ndime yachinayi." Ndinakwiya masiku awiri. Ndinalemba yankho loteteza ndime zanga, lalitali kuposa nkhaniyo, ndipo mwamwayi sindinalitumize. Tsiku lachitatu ndinaphimba ndime zitatuzo ndi dzanja n'kuwerenga kuyambira pa bambo aja. Nkhani inaimirira yokha. Ndime zanga zokondedwa zija zinali ine nditaima pakhomo, kutsekereza owerenga kuti ayambe aona ine asanaone mwini nkhani.

Kuyambira pamenepo ndimafufuza ndime yachinayi m'chilichonse chimene ndalemba, ndipo kawirikawiri imapezeka. Mkonzi wabwino ndi wosowa, ndipo ukamupeza umamukhululukira ngakhale malipiro ochedwa. Woipa amasintha mawu ako kuti amveke ngati ake, amaika mutu wolonjeza zimene nkhani sikunena, kenako owerenga amatukwana iwe poti dzina lili pamenepo ndi lako. Wabwino amaona chimene umafuna kunena iwe usanachione, n'kuchotsa zomwe zachiphimba. Mutu umodzi susenza denga, koma pa ntchito yathu mutu wachiwiriwo ntchito yake yaikulu ndi kuphwasula mbali ya denga yomwe unamanga pomwe panalibe nyumba.

Malangizo a pampu aja nawonso anandipatsa kanthu. Ndinalandira masamba olembedwa ndi mainjiniya, olondola mbali zonse koma osamveka kwa munthu amene waima pa pampu yakufa, sipanala m'manja. Ndinakhala masiku ndikufunsa mafunso a chitsiru: ichi chimamasulidwa choyamba n'chiti, chikakana mumatani, madzi akatuluka apa ndiye kuti chawonongeka n'chiyani. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinafunsa mpaka injiniya wina anasiya kuyankha foni yanga. Masamba 30 anasanduka 9. Patapita miyezi, wa kukampaniko anandiuza mongodutsa kuti mafoni a anthu osokonezeka achepa. Dzina langa silili paliponse m'kabukuko. Koma penapake pali munthu amene anawerenga chiganizo changa, n'kumasula nati yoyenera, madzi n'kutuluka. Sindikudziwa ngati mabuku anga awiri anachitirapo munthu chinthu chooneka chotero.

Tsopano kwabwera makina. Kuyambira pomwe ChatGPT, pulogalamu ya pa kompyuta yomwe imalemba yokha ukaiuza choti ilembe, inatulutsidwa mu Novembala 2022, mafoni ena amayamba mwatsopano: "Talemba kale ndi kompyuta, inu mungokonza pang'ono." Ndipo poti ndi kukonza chabe, malipiro akhale theka. Nkhawa imeneyi si yanga ndekha. Mu 2023 olemba mafilimu ndi masewero a pa TV ku America ananyanyala ntchito masiku 148, kuyambira Meyi mpaka Seputembala, ndipo imodzi mwa nkhani zomwe ankalimbirana inali ya momwe makina otere angagwiritsidwire ntchito pa zolemba zawo. Iwo ali ndi bungwe lamphamvu. Wolemba wodziimira payekha amakambirana yekha, pafoni, ndi munthu amene ali ndi mawu 2,000 aulere patsogolo pake.

Ndaziwerenga zolemba zimenezi zambiri tsopano. Ndi zosalala, galamala yake yabwino, ndipo zimanena chinthu chimodzi katatu m'zovala zosiyana. Zili ndi ndime zotsegulira zitatu zija, koma ndime yachinayi mulibe, chifukwa makina sanapite m'kachipinda ka masikelo. "Kukonza pang'ono" kumatanthauza kufunsa mwini ntchito chimene amafuna kunena, kupita kukachipeza, n'kutaya pafupifupi zonse zomwe anabwera nazo. Chondiseketsa, ngakhale kuseka kwake n'kowawa, n'chakuti makina atenga mbali yomwe inkalipidwa, yotulutsa mawu ambiri, n'kutisiyira yomwe sinkalipidwa, yosankha ndi kudula. Ndinayamba kuuza ofuna ntchito kuti sindiwerengeranso mtengo pa liwu, ndimawerengera pa ntchito yonse, kuphatikizapo kufunsa, kuwerenga ndi maulendo awiri okonzanso. Ena amavomera. Ena amati tikuimbiraninso, ndipo mukudziwa kale mathero ake. Magazini akadali pa liwu, ndipo sindikuona kuti asintha msanga.

Pali fayilo ina pa kompyuta yanga imene ndinaitcha "zodula". Ndinaiyamba chaka changa chachiwiri, chifukwa dzanja linkakana kufufuta ndime yomwe ndaivutikira. Ndinapeza kuti ndikadzinamiza kuti sindikutaya, ndikungosamutsa, mpeni umalowa mosavuta. Lero fayiloyo ndi yaitali kuposa mabuku anga awiri kuwaphatikiza. Nthawi zina usiku, ntchito ikakana, ndimaitsegula n'kumayendamo. Zambiri zinayeneradi kufa. Muli afotokozi ounjikana atatuatatu, nthabwala zomwe ndinkaseka ndekha, mafanizo omwe ankafuna kuoneka anzeru. Ndime zitatu za chilungamo ndi muyeso zija zilimo, ndinaziwerenganso mwezi watha ndi chiyembekezo choti mwina mkonzi uja analakwa, ndipo sanalakwe. Koma apo ndi apo ndimakumana ndi chiganizo chomwe chinalibe mlandu, chinangobadwira m'nkhani yolakwika. Chija cha nsalu ndi chosema chomwe mwawerenga kumtundaku ndinachidula zaka zinayi zapitazo m'lipoti la bungwe lina, momwe chinalibe chochita, ndipo chakhala chikudikira mpaka lero.

Panopa ndili ndi nkhani ya mawu 900 yofunika Lachisanu. Kanambala kali pa 2,260, ndipo ndikukayikira kuti ndime yachinayi ili penapake cha pa tsamba lachitatu. Ndisanayambe kuisaka pali kalata yoti ndilembe, yachinayi kwa anthu omwewo, ya invoyisi imene lero yakwanitsa masiku 74. Ndalemba kale ziganizo zisanu ndi chimodzi. Ziwiri zikwana.